Galimoto Yamagetsi ndi Soketi ya Pakhomo

Pamene mafuta anasoŵa m'Malaŵi m'chaka cha 2022 ndi m'zaka ziŵiri zotsatira, eni magalimoto ambiri anagona pa mizere, ena kufikira mbandakucha, ndipo sikunali kodabwitsa kuti maganizo a ena anatembenukira ku galimoto yosamwa petulo kapena dizilo. Magalimoto otere alipo, ndipo ku China, ku Ulaya ndi ku America salinso achilendo. Amayenda ndi batire lalikulu loikidwa kunsi kwa mipando, limene limadzazidwa ndi magetsi monga momwe munthu amatchajira foni. Ambiri mwa eni ake amawatchaja pakhomo usiku, iwo ali m'tulo. Kukoma kwa galimoto yamagetsi kwagona pamenepo, koma msampha wake wagonanso pomwepo, pakuti si galimoto iliyonse imene imagwirizana ndi nyumba iliyonse.

Magalimoto ambiri oyenda m'miseu ya dziko lino ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera ku Japan, amene amatsika m'sitima pa madoko monga Dar es Salaam ndi Beira. Munthu woitanitsa galimoto yamagetsi mwa njira yomweyo amalipira ndalama zambiri, kudikira masabata angapo, kulipiranso msonkho pa chipata, ndipo pamene galimotoyo yaloŵa m'bwalo la nyumba yake ndi pamene amatsegula kumbuyo n'kupezamo nthambo imene pulagi yake siloŵa pa soketi iliyonse ya m'nyumbamo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pali zinthu zitatu zoyenera kufunsidwa ndalama zisanachoke m'thumba: poloŵera magetsi pa galimotoyo ndi pa mtundu wanji, nthambo yake inapangidwira magetsi a dziko liti, ndiponso mawaya a m'nyumba angasenze katundu wolemera motani.

Tchaja Yeniyeni Ili M'galimoto

Chinthu choyamba chimene chimasokoneza anthu ndi dzina. Bokosi limene amakhoma pa khoma la garaja anthu amalitcha tchaja, koma kunena zoona tchaja yeniyeni ili m'kati mwa galimoto. Magetsi obwera m'nyumba pa mawaya a ESCOM ndi a mtundu wa AC, amene amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi imodzi, pamene batire limasunga magetsi a mtundu wa DC, oyenda mbali imodzi yokha. Makina osandutsa AC kukhala DC anamangidwa m'galimoto momwemo ku fakitale, ndipo mphamvu yake inaikidwiratu.

Ntchito ya bokosi la pa khoma, kapena kabokosi kamene kamakhala pakati pa nthambo yonyamula m'manja, ndi ya mlonda wa pa chipata. Silitsegula magetsi kufikira litatsimikiza kuti pulagi yaloŵa bwino m'galimoto. Kudzera pa kawaya kakang'ono limauza galimoto kuchuluka kwa maampeya amene ingatenge, ndipo galimotoyo imamvera, osapyola malirewo. Motero liŵiro la kutchaja limatsata chofooka pa ziŵirizi, bokosi kapena tchaja ya m'galimoto.

Chitsanzo chabwino ndi Nissan Leaf, imene inayamba kugulitsidwa mu Disembala 2010 ku Japan ndi ku America. Yoyambayo inali ndi batire losunga mayunitsi 24, kuŵerenga monga momwe mita ya m'nyumba imaŵerengera, ndipo tchaja yake inali ya makilowati 3.3. Pambuyo pake kunabwera tchaja ya makilowati 6.6, koma Leaf zambiri zogulitsidwa m'Japan momwemo zinapitirira kukhala ndi tchaja yaing'ono ija. Tsono munthu wogulira galimoto yotere bokosi lodula la makilowati 7.4 sapindulapo kanthu pa liŵiro, chifukwa galimotoyo idzamwabe makilowati atatu okha ndi pang'ono, monga botolo la kukamwa kochepa silidzala msanga ngakhale litaikidwa pa mpope waukulu.

Mapulagi a Mitundumitundu

Kusiyana kwa mapulagi kunayamba kale. Kampani ya General Motors itatulutsa galimoto yake ya EV1 mu 1996, inkaitchaja ndi chipangizo chophwatalala chimene chinkapereka magetsi mwa mphamvu ya maginito, popanda zitsulo kukhudzana, pamene makampani ena ankagwiritsa ntchito pulagi ya zitsulo zokhudzana. Mu 2001 akuluakulu oona za mpweya wabwino m'chigawo cha California anasankha njira yachiŵiriyi, ndipo njira ya maginito ija inazilala. Komabe dziko lonse silinathe kumvana pa pulagi imodzi, kotero kuti lero chigawo chilichonse chili ndi yake.

Pulagi yotchedwa Type 1, imenenso imadziŵika ndi dzina la J1772, ndi yobulungira, ya mano 5, ndipo ili ndi kachingwe kokoŵera pamwamba. Ndiyo ya ku Japan, ndipo kwa zaka zambiri inalinso ya magalimoto ochuluka a ku America. Imanyamula magetsi a fezi imodzi yokha. Leaf ndi Mitsubishi Outlander PHEV zochokera ku Japan zili ndi poloŵera pa mtundu umenewu.

Pulagi ya Type 2 inakonzedwa ndi kampani ya ku Germany yotchedwa Mennekes mu 2009. Ndi yobulungira koma yophwatalala pamwamba, ili ndi mano 7, ndipo imatha kunyamula magetsi a mafezi atatu. Bungwe la European Union linaisankha mu 2013, n'kuikhazikitsa m'lamulo mu 2014. Ndiyo imene imagwira ntchito ku Britain ndi ku South Africa, ndipo Leaf zogulitsidwa ku Ulaya zinasamukira ku pulagi imeneyi kuyambira mu 2018.

Dziko la China lili ndi muyezo wakewake wotchedwa GB/T. Pulagi yake ya pakhomo ilinso ndi mano 7, ndipo munthu woiona patali angaiyese Type 2, koma pamene Type 2 ili ndi mabowo iyo ili ndi mano, motero ziŵirizi siziloŵana. Makampani a ku China akamagulitsa magalimoto ku Ulaya kapena ku South Africa amaikamo Type 2, koma galimoto yopangidwira msika wa m'China momwemo, ikagulidwa kwa wamalonda n'kutumizidwa kunja, imabwera ndi GB/T.

Kampani ya Tesla nayo inali ndi pulagi yakeyake yaing'ono ku America. Mu Novembala 2022 inalola makampani ena kuigwiritsa ntchito n'kuitcha NACS, ndipo mu Meyi 2023 kampani ya Ford inalengeza kuti idzaitsata, kenaka General Motors ndi ena ambiri anachitanso chimodzimodzi. Koma Tesla yogulitsidwa ku Ulaya ili ndi Type 2. Ichi chikusonyeza kuti dzina la galimoto palokha silikwanira. Chofunika kudziŵa ndi dziko limene galimotoyo inapangidwira.

Palinso mapulagi akuluakulu a malo otchajira mofulumira a m'mbali mwa miseu, amene amathira magetsi a DC m'batire mwachindunji, kulambalala tchaja ya m'galimoto. Wa ku Japan ndi CHAdeMO, umene bungwe lake linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo dzinali limakumbutsa mau a Chijapani oitanira munthu ku kapu ya tiyi, kutanthauza kuti galimoto imadzala pa nthaŵi yomwera tiyi. Wa ku Ulaya ndi CCS, umene uli Type 2 yoonjezeredwa mano aŵiri akuluakulu kunsi. Mapulagi aŵa sakhudza kwenikweni za pakhomo, koma mwini galimoto ayenera kuwazindikira, pakuti Leaf ikatsegulidwa kachitseko ka pamphuno pamaoneka poloŵera paŵiri: papakulupo ndi pa CHAdeMO, ndipo papang'onopo ndi pamene pamaloŵa nthambo ya pakhomo.

Nthambo Yopangidwira Dziko Lina

Funso lachiŵiri ndilo loopsa kuposa onse, chifukwa cholakwa chake sichioneka ndi maso. Nyumba za ku Japan zimalandira magetsi a mavolti 100, ndiponso a mavolti 200 a ziŵiya zikuluzikulu. Za ku America zimalandira 120 ndi 240. Koma m'Malaŵi, monganso ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain, magetsi a m'nyumba ndi a mavolti 230. Tchaja ya m'galimoto kaŵirikaŵiri imalandira magetsi onseŵa popanda vuto. Chimene chimasankha ndi kabokosi ka pa nthambo, kamene pa chikwangwani chake panalembedwa mavolti amene kanapangidwira.

Nthambo imene imabwera ndi Leaf ya ku Japan kaŵirikaŵiri ndi ya mavolti 200 ndi maampeya 15. Munthu akaona kuti pulagi yake siloŵa pa khoma, nzeru yoyamba imene imamufikira ndi kuidula n'kulumikizapo pulagi ya mano atatu yogula pa msika. Ikatero imaloŵadi, nyali ya pa galimoto n'kuyaka, ndipo mwini wake n'kuyesa kuti wapambana. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kabokosi kaja tsopano kakulandira mavolti oposa amene kanapangidwira, ndipo choipa kopambana n'chakuti kakuuzabe galimoto kuti itenge maampeya 15, pamene pulagi ndi soketi za mano atatu, zimene dziko lino linatengera ku Britain, malire ake ndi maampeya 13.

Wina angayembekeze kuti fyuzi ya m'pulagi idzapsa n'kuteteza nyumba. Zoona zake n'zakuti fyuzi ya maampeya 13 sipsa msanga ikapyoledwa pang'ono chabe. Imangotentha, n'kutenthetsa mano a pulagi ndi soketi, usiku wonse, tsiku ndi tsiku, kufikira pulasitiki itayamba kuda ndi kusungunuka. Kuonjezera apo, nthambo zambiri za ku fakitale zili ndi kachipangizo komva kutentha kobisika m'pulagi momwemo, kamene kamachepetsa kapena kudula magetsi pulagi ikatentha. Wodula pulagi amataya mlonda ameneyu pamodzi ndi pulagiyo. Njira yoongoka ndi kugula nthambo ina, ya Type 1 ku mbali ya galimoto, yopangidwira mavolti 230, imene imalola maampeya 10 okha kapena ochepera apo.

Pano pali mwaŵi wa galimoto yochokera ku Britain, kumene kulinso Amalaŵi ambiri otumiza magalimoto kwawo. Chiongolero chake chili ku dzanja lamanja monga a ku Japan, ndipo nthambo yake yonyamula m'manja, ngati ilimo, inapangidwira mavolti 230 ndi soketi ya mano atatu, yofanana ndi ya ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Yochokera ku South Africa imagwirizana pa mavolti, koma pulagi yake ya pa khoma ndi ya mano obulungira, imene imafuna soketi ya mtundu wake.

Mphamvu ya Mawaya a M'nyumba

Ngakhale nthambo itakhala yoyenera, funso lachitatu limatsalabe. Pa maampeya 10 galimoto imatenga makilowati 2.3, mphamvu yofanana ndi ya ketulo yoŵiritsira madzi. Kusiyana kwake n'kwakuti ketulo imazima pakapita mphindi zitatu kapena zinayi, pamene galimoto imakoka mphamvu yomweyo kwa maola ambiri osapumira. Batire la mayunitsi 24 limafuna maola oposa 10 kuti lidzale kuchokera pansi, ndipo la mayunitsi 40, limene linabwera ndi Leaf yatsopano mu 2017, limafuna maola oposa 17. Soketi yakale yokhala ndi zomangira zolefuka, imene yakhala ikutumikira wailesi ndi nyali kwa zaka zambiri popanda dandaulo, ingathe kupsa pa katundu wotere. Nthambo zoonjezera za pa msika, makamaka zokulungidwa pa gudumu, ndiponso maadaputa a mabowo ambiri, siziyenera kuyandikira ntchito imeneyi ngakhale pang'ono.

N'chifukwa chake m'maiko amene magalimotoŵa achuluka anthu amakhoma bokosi lapadera. Bokosi la fezi imodzi limatenga maampeya 32, ndiye kuti makilowati 7.4, ndipo galimoto ya tchaja ya makilowati 6.6 imadzaza batire la mayunitsi 40 m'maola 7 kapena 8, usiku umodzi wokha. Bokosi lotere limafuna waya wake wonenepa wochokera pa bolodi logaŵa magetsi m'nyumba, wosagaŵana ndi chiŵiya china chilichonse, ndiponso swichi yake yodzidula yokha. Limafunanso chotetezera chimene chimamva magetsi akamathaŵira kumene sayenera. Chotetezera wamba cha m'nyumba chingathe kugontha ngati magetsi a DC ochokera ku galimoto atayamba kudontha, motero miyezo ya ku Ulaya imalamula kuti pakhale chomva kudontha kwa DC kuyambira pa mamiliampeya 6. Mabokosi ambiri amakono ali nacho m'kati, koma wogula ayenera kuŵerenga kuti atsimikize.

Waya wopita m'nthaka, umene amisiri amautcha ethi, ndiwo moyo wa zonsezi. Galimoto ndi chitsulo chachikulu choima pa matayala a mphira, panja, nthaŵi zina pa mvula, ndipo ana amaitsamira poseŵera. Ngati ethi ya nyumba ndi yoduka kapena yadzimbiri, munthu woikhudza ndiye amasanduka njira ya magetsi. Nthambo ndi mabokosi abwino amayamba ayeza ethi, ndipo akapanda kuipeza amakana kutsegula. Mwini galimoto akaona nyali yofiira asafulumire kunena kuti nthambo yafa. Mwina ikumuuza za matenda a nyumba yake.

Kuyeneranso kuŵerengera katundu wa nyumba yonse. Maampeya 32 a galimoto akakumana ndi mbaula yamagetsi, giza ndi ayironi pa nthaŵi imodzi ya madzulo, waya wochokera pa mtengo wa magetsi ungalemedwe, swichi yaikulu n'kugwa. Alipo mabokosi amene amayeza katundu wa nyumba n'kuchepetsa gawo la galimoto pamene kukhitchini kuli ntchito, ndipo ambiri amalola mmisiri kutsitsa maampeya pa tsiku lokhoma. Mabokosi a makilowati 11 ndi 22 amafuna nyumba ya mafezi atatu ndiponso galimoto ya tchaja ya mafezi atatu. Kwa galimoto ya Type 1 alibe phindu loonjezera. Ntchito yonseyi ndi ya mmisiri wokhala ndi chilolezo cha bungwe la MERA, ndipo ndi nzeru kukambirana ndi a ESCOM katundu wamkulu chotere asanaonjezeredwe.

Magetsi Akazima

Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthaŵi yoposa chaka nyumba zambiri zinkakhala maola ochuluka mu mdima. Mabanja ambiri a m'mizinda anagula majenereta, masola ndi mainveta. Mwini galimoto yamagetsi angaganize kuti zimenezi zidzamupulumutsa, koma pamenepanso pali malire.

Muyezo umene bokosi ndi galimoto zimalankhulirana sulola kutsika pansi pa maampeya 6, amene pa mavolti 230 ndi pafupifupi makilowati 1.4. Inveta yaing'ono yoyatsira nyali, wailesi yakanema ndi firiji singathe kupereka mphamvu imeneyi kwa maola ambiri, ndipo mabatire ake aŵiri kapena anayi angaume galimoto isanalaŵe n'komwe. Majenereta ambiri onyamula m'manja alibe ethi yolumikizidwa monga ya m'nyumba, motero nthambo imawakana. Wofuna kutchaja ndi dzuŵa ayenera kukhala ndi masola ndi inveta zazikulu, n'kumatchaja masana, ndiponso kusankha bokosi limene maampeya ake amatsitsidwa. Chotonthoza n'chakuti munthu woyenda makilomita 40 pa tsiku amatha mayunitsi 6 kapena 7 okha, amene ngakhale soketi ya maampeya 10 imawabwezera m'maola atatu kapena anayi.

Bokosi Limatsala, Galimoto Imasintha

Mabokosi a pa khoma alipo a mitundu iŵiri. Ena amabwera ndi nthambo yomangiriridwa, imene pulagi yake ndi ya mtundu umodzi mpaka kalekale. Ena ali ndi soketi chabe ya Type 2, ndipo mwini galimoto amaloŵetsapo nthambo yogwirizana ndi galimoto yake. Kwa banja la m'dziko limene magalimoto amachokera ku Japan, ku Britain, ku South Africa ndi ku China mosakanizika, mtundu wachiŵiriwu ndiwo wanzeru. Lero likhoza kukhala ndi Leaf ya Type 1, n'kugula nthambo ya Type 2 ku khoma ndi Type 1 ku galimoto; maŵa likagula galimoto ya ku Ulaya lidzangosintha nthambo, bokosi ndi mawaya n'kutsala pomwepo.

Maadaputa osandutsa pulagi ina kukhala ina alipo pa malonda, ndipo ena ndi opangidwa bwino. Koma adaputa imangosintha maonekedwe a mano. Sisintha mavolti, sichepetsa maampeya, ndipo imaonjezera mfundo ina pamene kutentha ndi madzi zingaloŵere. Pa ulendo ingathandize tsiku limodzi, koma pakhomo, pamene galimoto imatchajidwa usiku uliwonse anthu ali m'tulo, nthambo yoyenera ndiyo yofunika.

Motero wofuna galimoto yamagetsi apemphe wogulitsa zinthu zitatu asanatumize ndalama: chithunzi cha poloŵera magetsi kachitseko kali kotsegula, chithunzi cha chikwangwani cha pa kabokosi ka nthambo pamene palembedwa mavolti ndi maampeya, ndiponso mphamvu ya tchaja ya m'galimoto. Pamene sitima ili pa nyanja, aitane mmisiri adzayeze ethi ndi mawaya a nyumba yake. Mtengo wa nthambo yoyenera ndi wa mmisiri ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo wa galimotoyo, ndipo ndi wochepa koposa poyerekeza ndi nyumba imene banja lonse limagonamo.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za ukalamba wa batire, ndi momwe wogula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito angadziŵire mphamvu imene yatsalamo.